Kusungira anthu majekete ndi zikwama pa zochitika: malangizo kwa magulu a ophunzira ku Mulanje

Gulu la ophunzira likafuna ndalama ya ulendo, ya yunifomu ya kwaya kapena ya mabuku, maganizo amathamangira ku bigiwoko ndi kugulitsa mandasi. Pali njira ina imene ambiri saiganizira, chonsecho nyengo ya kuno ku Mulanje imailola bwino: kusungira anthu majekete, majuzi, maambulera, zikwama ndi zisoti za njinga yamoto pamene eni ake ali mu holo, n'kulandirapo kangachepe pa chinthu chilichonse. Mpamba wake ndi wochepa, ndipo palibe katundu wotsala n'kuwonongeka ngati mmene zimakhalira ndi zakudya. Koma dziwani kuti mukugwira katundu wa eni. Jekete limodzi likasowa, phindu la tsiku lonse lapita, dzina la sukulu nalo lada. N'chifukwa chake malangizo ambiri pano akukhudza nambala, tikiti ndi khomo, poti zinthu zimalakwikira pamenepo.

Yambani ndi kusankha mwambo

Si mwambo uliwonse umene uli ndi ndalama ya ntchitoyi. Munthu amavula jekete pokhapokha kunja kukuzizira kapena kukugwa mvula, pamene m'kati mukutentha. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikatsika m'phiri, anthu amachoka ku Chitakale, ku Likhubula kapena ku Limbuli atavala zokhuthala. Akalowa mu holo yamalata yodzaza, nyimbo n'kuyamba, jekete lija limasanduka mtolo. Phwando la ukwati, chinkhoswe, mpikisano wa makwaya, mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4, ndi madansi a pasukulu, zonsezi n'zabwino. Msonkhano wa panja m'mwezi wa Juni, pamene anthu angokhala pamipando mphepo ikuwomba, musadzivute nawo: palibe amene avule.

Nthawi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, katundu amasintha. Mumalandira maambulera, majekete a mvula, magambuti ndi nsapato zamatope za amayi amene abwera ndi zina zoyera m'chikwama. Mu Okutobala, pamene anthu amasonkhana ku Chonde pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kumakhala kukutentha ndipo majekete kulibe, koma zikwama za anthu ochokera kutali ndi zisoti za njinga zimachuluka. Mpikisano wothamanga m'phiri wa Porters' Race, umene umachitika mu Julayi ndipo umayambira ndi kuthera ku Likhubula, nawo uli ndi anthu ofika m'mawa kukuzizira amene sangathamange ndi majekete. Koma misonkhano ikuluikulu yotereyi si yoyambira. Ili ndi eni ake amene ayenera kukulolani kaye, ndipo khamu lake lingakukwirireni. Yambani ndi mwambo wa mu holo ya pasukulu kapena ya patchalitchi, wa anthu 200 mpaka 400, pamene khomo mukulidziwa.

Kumbukiraninso kuti miyezi yozizirayi ndi yomwe a Fomu 2 ndi a Fomu 4 amakhala pa mayeso a MANEB. Ntchito igwidwe ndi a Fomu 1 ndi a Fomu 3. Ndipo malo ogulitsa mowa si a ana a sukulu, ngakhale ndalama itakhalako yotani.

Chilolezo chikhale papepala

Pitani kwa a patironi a gulu lanu, iwo akutengereni kwa mphunzitsi wamkulu. Kalata yanu inene tsiku, malo, maina a ophunzira amene akagwire ntchito, nthawi yoweruka, ndi chimene ndalamayo ikagwire. Ngati mwambo ukutha kutada, mulembemo mmene aliyense akafikire kwawo, makamaka atsikana; makolo a ophunzira oyendera adziwitsidwe pasadakhale.

Kenako kumanani ndi mwini mwambo, kutatsala masabata awiri kuti tsikulo lifike. Gwirizanani zinthu zinayi: chipinda chimene akupatseni, amene alipire, amene asalipire, ndi chimene chidzachitike katundu akasowa.

Pa nkhani ya amene alipire, pali njira ziwiri. Yoyamba, mlendo aliyense amalipira yekha pakhomo. Yachiwiri, mwini mwambo amalipira gulu ndalama imodzi, alendo n'kumasungitsa ulere. Pa ukwati ndi pa chinkhoswe, yachiwiriyi ndiye yabwino. Alendo amakhala atasintha ndalama zing'onozing'ono za perekaniperekani ndipo safuna kuyamba kuzimwaza ali pakhomo, komanso akomiti ya ukwati sakondwa kuona wina akutolera ndalama pambali. Mukatenga njirayi, landirani theka mwambo usanachitike. Ndalama yolonjezedwa kuti "tikupatsani tikawerengera" imavuta kuilondola phwando litatha.

Za amene asalipire zimaoneka zazing'ono koma zimasokoneza maakaunti. Mwana wa Fomu 1 sangauze a gulupu, abusa kapena mlendo wolemekezeka kuti, "Lipirani kaye." Choncho funsiranitu chiwerengero cha akuluakulu oitanidwa, muwapatulire matikiti awoawo olembedwa kuti ULERE. Katundu wawo alandire nambala ngati wina aliyense.

Chipinda ndi mitengo yopachikapo

Chipinda chabwino n'cha khomo limodzi, pafupi ndi polowera mu holo koma osati pakhomo penipeni, kuti mzere wanu usatseke njira. Kalasi ya sukulu imachita bwino. Yang'anani mawindo: ngati galasi linasweka kapena mulibe zitsulo, pasakhale chovala chimene dzanja lochokera panja lingafikire. Siyani mita yathunthu pakati pa windo ndi katundu. Yang'ananinso kudenga ngati malata akudontha. Pakhomo pingasani tebulo lalitali, kuti mlendo aziima kunja kwa tebulo, katundu ali m'kati. Tebulo limenelo ndiye malire, ndipo palibe wowoloka, ngakhale atakhala mphunzitsi.

Musapachike zovala pachingwe. Chingwe chimagwa pakati chikalemedwa, mahang'ala onse n'kutsetserekera pamodzi, manambala n'kusokonekera. Gwiritsani mitengo. Dulani kapena bwerekani mitengo ya bulugamu yowongoka, yotalika mamita 2, yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, pafupifupi masentimita 5. Mbali iliyonse imikani mitengo itatu yomangidwa pamwamba, miyendo yotambasula, mtengo wopingasa ukhale pamphanda pake, mita imodzi ndi masentimita 70 kuchokera pansi kuti majekete aatali asakhudze simenti. Jekete limodzi limafuna malo a masentimita 6 kapena 7, ndiye mtengo wa mamita 2 umanyamula majekete 30. Jekete lokhuthala limalemera kilo imodzi kapena kupitirira, lonyowa kuposa apo, kutanthauza kuti mtengowo usenza makilo 30 mpaka 45. Uyeseni dzulo lake popachikapo zigubu ziwiri za madzi za malita 20. Ukapindika kwambiri, ikani mwendo wina pakati.

Mtengo ukhale wouma ndi wosendedwa makungwa, chifukwa wauwisi umadetsa zovala zoyera ndi utomoni. Nsungwi zokhwima nazo zimagwira ntchito, koma musazikhomere misomali, zimang'aluka. Zimangeni ndi chingwe cha khonje kapena ndi mphira wa chubu cha njinga.

Mahang'ala musagule onse. Membala aliyense abwereke asanu kapena khumi kunyumba, amangepo ulusi wa mtundu wake kuti adzawazindikire. A waya wopyapyala amapindika ndi jekete lolemera, ndipo akachita dzimbiri amasiya chizindikiro pa chovala chonyowa, choncho asungireni majuzi opepuka. A pulasitiki okhuthala ndi a matabwa akhale a majekete. Mahang'ala akaperewera, madesiki alipo: lembani ndi choko padesiki lililonse manambala asanu, zovala muzipinda n'kuzisanja pamenepo. Zikwama ndi zisoti zikhale pamadesiki kapena pamabenchi m'mbali mwa khoma, osati pansi.

Pa mtengo uliwonse pachikani katoni yolembedwa ndi pentopeni zilembo zikuluzikulu: 1 mpaka 30, 31 mpaka 60, choncho. Pakati pa mitengo siyani njira yoti anthu awiri apambane. Bweretsani matochi atatu kapena nyali za sola zotchajiratu, poti magetsi akathima muli ndi majekete 150 a eni m'chipinda, tochi ya foni imodzi sikwanira. Kandulo ndi nyali ya parafini zisalowe m'chipinda cha zovala.

Matikiti

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo tikupemphani kuti musapachite mwachidule. Tikiti iliyonse ikhale ya zigawo zitatu zokhala ndi nambala imodzimodzi. Chigawo choyamba chimapita kwa mwini katundu, chachiwiri chimamangidwa pa katunduyo, chachitatu chimatsala kwa wolandira ndalama kuti chidzathandize powerengera.

Pepala lolimba la manila la saizi ya A4 limatulutsa timizere 8 mukalidula mopingasa, kalikonse kotalika masentimita 21. Kamzere kamodzi mukagawe patatu, masentimita 7 chigawo chilichonse. Matikiti 200 amafuna mapepala 25. Pepala la m'kope musaliyerekeze n'komwe, limasungunuka m'thumba la munthu wovina. Lembani manambala ndi pentopeni yosafufutika ndi madzi. Dindani chidindo cha sukulu kapena cha gulu pamalire a chigawo choyamba ndi chachiwiri, kuti mukang'amba, theka la chidindo lipite ndi mlendo, theka litsale pa jekete. Wofuna kulemba tikiti yabodza sangalumikize chidindo. Mwambo uliwonse sinthani mtundu wa pepala, kuti tikiti ya mwezi watha isabwerenso.

Pali manambala amene amasintha mukazondotsa pepala: 6 ndi 9, 16 ndi 91, 18 ndi 81, 19 ndi 61, 66 ndi 99, 68 ndi 89, 86 ndi 98. Usiku, pa changu, wina amatenga jekete la 89 n'kupatsa mwini 68, ndipo ngati onse ali akuda, mwiniyo amakazindikira ali kunyumba. Jambulani kamzere pansi pa nambala iliyonse, osati pa okhawa, kuti diso lizolowere kufuna kamzereko.

Chigawo chachiwiri chiboolereni kabowo, mulowetse kachingwe ka masentimita 20. Pa jekete, mangani pabowo la batani kapena pachogwirira zipi, osati pahang'ala pokha, chifukwa jekete likagwa pansi limasiyana ndi nambala yake. Pa chikwama mangani pachogwirira, pa chisoti mangani palamba wa pachibwano, pa ambulera mangani pampini. Musaboole chovala cha chikopa kapena jekete la mvula ndi pini kapena sitepula.

Chinthu chimodzi, tikiti imodzi. Banja likabwera ndi majekete atatu, lipatseni matikiti atatu, ngakhale mutalitsitsira mtengo. Kuunjika zitatu pa nambala imodzi ndiye chiyambi cha mkangano wakuti, "Tinasiya zinayi."

Pambali pa matikiti pakhale kope la hadikava lojambulidwa mizere kale, manambala olembedwa kale mmunsimmunsi. Pa nambala iliyonse mulembe dzina la mwini ndi mawu awiri atatu ofotokoza chinthucho: jekete lakuda lachikopa, juzi yofiira ya mwana, chikwama cha buluu chakumsana. Nambala ya foni funsani okhawo osungitsa zikwama ndi zisoti, kuti mzere uziyenda. Kopelo likatha ntchito lipite kwa a patironi. Manambala a mafoni a alendo si oti ophunzira azikopera.

Zimene simuyenera kulandira

Lembani chikwangwani chachikulu m'Chichewa, muchiike pamene munthu achiwerenge asanafike patebulo. Chinene mtengo, nthawi yotseka, ndi zinthu zimene simusunga: ndalama, mafoni, malaputopu, makhadi a ku banki, chitupa cha unzika, makiyi, mankhwala, zakumwa, mafuta a galimoto kapena parafini, ndi zakudya za fungo monga nsomba, zimene fungo lake limalowa m'zovala za anthu ena. Mankhwala tawatchula dala: munthu wa mphumu kapena wa shuga angawafune mwadzidzidzi, ndipo sayenera kudikira kuti mupeze nambala yake.

Chikwangwani chokha sichikwanira, ambiri sawerenga. Wolandira katundu anene ndi pakamwa kwa aliyense: "Bambo, tapisani m'matumba, musasiyemo foni, ndalama kapena makiyi." Mwini apise yekha. Wophunzira asalowetse dzanja m'thumba la chovala cha munthu, mwini ali pomwepo kapena palibe.

Chikwama chitsekedwe mwini akuona. Lumikizani zogwirira zipi ziwiri ndi kachingwe, kulungani pamfundo ndi tepi ya pepala, mwini asaine pa tepiyo. Akadzabwera, muonetseni kaye kuti siginecha yake ili bwinobwino asananyamule. Izi zimatenga mphindi yosakwana imodzi, koma zimatseka pakamwa pa wofuna kunama kuti munali ndalama, ndipo zimateteza ophunzira anu ku mayesero. Chovala chikabwera chong'ambika kale kapena zipi yakufa, muonetseni mwiniwake, mulembe m'kope.

Anthu ena amalemba kuti "katundu akasowa si mlandu wathu" n'kuganiza kuti athana nazo. Ife sitigwirizana nazo. Mwalandira ndalama kuti musunge, ndiye chikasowa m'manja mwanu muyenera kuyankhapo. Chanzeru n'kugwirizana ndi mphunzitsi wamkulu ndalama yokwera kwambiri imene gulu lingabweze pa chinthu chimodzi, kuilemba pachikwangwani, n'kukana mwaulemu chinthu chodula kuposa pamenepo.

Mtengo ndi ndalama

Mitengo ya zinthu ikusintha msanga, choncho musatengere ya chaka chatha. Muyeso wabwino ndi wakuti kusungitsa jekete kusapose mtengo wa botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi pamalo omwewo. Chikwama ndi chisoti zingakhale kawiri kwake. Mtengo ukhale wa ndalama imodzi yapepala, monga K500 kapena K1,000, kuti chenje chisakuchedwetseni.

Werengerani musanagule kanthu. Tiyerekeze kuti mapepala, mapentopeni, chingwe, tepi, kope ndi thiransipoti zakwana K30,000, ndipo mukulipiritsa K500. Mufunika zinthu 60 kuti mungobweza mpamba. Mukalandira zinthu 150, mwatolera K75,000, phindu K45,000. Pokonzekera, musaganize kuti aliyense asungitsa; werengerani munthu mmodzi mwa anayi, koma matikiti mukonze ochuluka kawiri poti mvula ikagwa mwadzidzidzi anthu amakhamukira kwa inu. Ngati masamu akuonetsa kuti anthu oyembekezeka sangabweze mpamba, dikirani mwambo wina. Mitengo yopachikapo ndi kope mudzazigwiritsanso, ndiye ulendo wachiwiri mpamba umatsika kwambiri.

Ndalama ilandiridwe posungitsa, osati potenga. Potuluka anthu amakhala atatha ndalama, ali pa changu, ndipo simungamukanize munthu jekete lake usiku wa chiperoni chifukwa cha K500. Wogwira ndalama akhale mmodzi, ndi kachikwama ka m'chiuno kapena bokosi lokhoma. Chenje choyambira, cha ma K100, ma K200 ndi ma K500, chiwerengedwe ndi anthu awiri n'kulembedwa. Ola lililonse, ndalama zikuluzikulu zipite kwa a patironi, onse awiri asaine m'kope. Mukalola Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala ikhale ya a patironi kapena ya gulu, foniyo ikhale patebulo, ndipo mukhulupirire uthenga wofika pafoni yanu, osati umene mlendo akukuonetsani pa yake. Powerengera phindu musaiwale ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti.

Kagawidwe ka ntchito ndi kulandira katundu

Pa zinthu 150 mpaka 200, ophunzira asanu ndi atatu akwanira, komanso pakhale mphunzitsi mmodzi amene sachoka. Awiri alandire katundu ndi kumanga matikiti, mmodzi alembe m'kope, mmodzi agwire ndalama, atatu azipachika, mmodzi aime panja kuwongola mzere ndi kuitanira anthu. Onse avale yunifomu kapena baji. Zikwama ndi majekete awo a ophunzirawo zilandire matikiti ngati za alendo, kuti pasapezeke wotuluka m'chipinda ndi chikwama chopanda nambala.

Dzulo lake yesererani ndi majuzi anu makumi awiri. Dongosolo lake ndi ili: moni, kupisa m'matumba, kulipira, kung'amba tikiti, kulemba m'kope, kumanga nambala mwini akuona, kupereka chigawo chake, kupachika. Matikiti atuluke motsatana, osadumpha, ndipo opachika atsate manambala kuchokera kumanzere kupita kumanja, mahang'ala onse oyang'ana mbali imodzi, nambala ikulendewera kunja. Jekete likapachikidwa pamalo olakwika pa changu cha polowa, lidzakudyerani mphindi khumi potuluka. Popereka tikiti nenani nambala mokweza: "Mayi, nambala yanu ndi 47, muisunge bwino, kapena muijambule pafoni."

Mwambo ukafika pakati, ntchito imachepa ndipo apa m'pamene ulesi umalowa. Nyimbo zikukoma mu holo, aliyense akufuna kukasuzumira. Gawanani nthawi yopuma, koma m'chipinda musatsale munthu mmodzi yekha, ndipo musasiyidwe mopanda munthu ngakhale mutakhoma. Anzanu obwera kudzacheza aime kunja kwa tebulo. Nthawi yomweyi awiri ayende mtengo ndi mtengo, kope lili m'manja, kuona ngati nambala iliyonse ili pamalo pake. Wina akabwera kudzatenga juzi pakati pa mwambo n'kufuna kuibwezanso, tikiti yakale ithe, apatsidwe yatsopano. Gwirizaniranitu ngati alipirenso. Ife timaona kuti kusamulipiritsa kawiri kumakopa anthu ambiri.

Katundu wonyowa

Ku Mulanje zimenezi musazitenge ngati zangozi, zikonzekereni. Patulani mtengo umodzi wa zonyowa zokhazokha, pafupi ndi khomo, pansi pake muyale matumba kuti madzi asayenderere. Popeza nambala ya chovala chonyowa idzasowa pamzere wake, pachikani pamalo pakepo kapepala konena kuti chili ku zonyowa, ndipo m'kope muike chizindikiro. Zonyowa zitalikirane kuposa zouma. Chovala chofiira kapena chakuda chonyowa chikagundana ndi choyera kwa maola anayi chimachidetsa ndi utoto, ndipo mwini jekete loyera sadzamva zoti inali mvula. Maambulera apindidwe, aimikidwe m'ndowa, khumi pa ndowa, mipini ili m'mwamba kuti manambala azioneka. Magambuti ndi nsapato zimangidwe ziwiriziwiri. Musatsekere chovala chonyowa m'jumbo, chimatuluka chikununkha chinyezi.

Nthawi yotuluka

Polowa anthu amabwera pang'onopang'ono kwa ola lathunthu kapena awiri. Potuluka amabwera onse pamodzi, atatopa, minibasi kapena kabaza akudikira panja. Taonani masamu ake: ngati kupeza ndi kupereka chinthu chimodzi kukutenga masekondi 20, zinthu 180 pamzere umodzi zitenga ola lathunthu. Palibe amene angapirire ola. Anthu amayamba kukankha tebulo, kuloza kuti "langa ndi ilo," ndipo katundu amasowa nthawi imeneyi. Mizere itatu imatsitsa ola lija kufika pa mphindi 20.

Choncho kutatsala theka la ola kuti mwambo uthe, sinthani dongosolo. Ndalama zonse zipite kwa a patironi. Gawani tebulo patatu ndi zikwangwani: 1 mpaka 60, 61 mpaka 120, 121 kupita m'tsogolo. Chigawo chilichonse chikhale ndi mmodzi wa patebulo ndi mmodzi wokatenga. Wa kope akhale pakati. Wa panja aziuza anthu kuti atulutsiretu matikiti ndi kuima pamzere wa nambala yawo. Pemphani woyendetsa mwambo alengeze kawiri kuti ofuna kunyamuka msanga angatenge katundu wawo tsopano. Agogo, amayi a ana kumsana ndi anthu olumala atsogozeni.

Wa patebulo alandire tikiti, aitane nambala, wokatenga aibwereze mokweza pobwera nacho. Lumikizani zigawo ziwiri zija muone ngati chidindo chikukumana, funsani dzina, wa kope achonge. Kufunsa dzina kumaoneka kuchedwetsa, koma ndi kumene kumagwira munthu amene watola tikiti ya mnzake pansi mu holo. Zigawo ziwirizo ziponyedwe m'chitini, zisabwerere kwa mlendo. Munthu wotumidwa ndi mnzake, ali ndi tikiti ndipo akudziwa dzina, mpatseni, koma alembe dzina lake m'kope.

Tikiti ikatayika

Zidzachitika ndithu, ndipo nthawi zambiri munthuyo amakhala akunena zoona. Komabe musamulowetse kuti akaloze chake, ndipo musamutulutsire majekete kuti asankhe. Muuzeni mofatsa: "Pepani achimwene, dikirani pambali pano, tithane ndi a matikiti, tikuthandizani." Uzani a patebulo onse dzina lake, kuti wina akabwera ndi tikiti yotolayo agwidwe. Mzere ukatha, anene dzina, afotokoze chinthucho asanachione: mtundu, saizi, chizindikiro chilichonse. Yerekezani ndi zimene zili m'kope. Zikagwirizana, aonetse chitupa kapena apezeke munthu wodziwika womuchitira umboni, asaine pamaso pa a patironi. Ngati anajambula tikiti pafoni, chithunzicho chithandiza kupeza nambala, koma dzina lifunsidwebe.

Zikapezeka kuti chinthu chasowadi kapena chaperekedwa kwa munthu wolakwika, ophunzira asakangane ndi mlendo. Nkhaniyo ndi ya a patironi. Alembe dandaulo, atenge nambala ya foni, anene tsiku limene ayankhe. Yambani mwayang'ana manambala oyandikana ndi ozondoka aja, poti kawirikawiri jekete la munthu winayo limakhala likadali pamtengo, ndipo kope likuuzani amene watenga molakwitsa. Likapanda kupezeka, bwezani monga munalembera pachikwangwani, msanga.

Kuwerengera ndi katundu wotsala

Musagone musanawerengere. Msungichuma, mlembi ndi a patironi akhale pansi, awerenge zigawo zachitatu zija, apatule za ulere ndi zobwereza, zotsalazo achulukitse ndi mtengo wake. Chotulukacho chifanane ndi ndalama ya m'manja kuphatikiza ya pafoni, mutachotsa chenje choyambira. Matikiti osagwiritsidwa ntchito awerengedwenso, kuti onse pamodzi akwane amene munadula. Pakakhala kusiyana, kulembedwe mmene kulili, osakubisa. Pa phindu, patulani K10 pa K100 iliyonse ikhale thumba lobwezera katundu wosowa m'tsogolo. Yotsala isungidwe monga mwa malamulo a sukulu, osati m'chikwama cha wophunzira ku hositelo, ndipo lipoti limatidwe pabolodi kuti mamembala onse aone.

Katundu wotsala asachotsedwe nambala. Wonyowa ayanikidwe mawa lake asanasungidwe, apo ayi achita nkhungu m'masiku ochepa. Zikwama zikhale zomata mmene zinalili. Zonse zikasungidwe ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu, a patironi aimbire eni amene anasiya manambala, ndipo mwini mwambo apemphedwe kulengeza ku tchalitchi kapena kwa abale. Ikani malire a masiku 30, ndipo mulemberetu malirewo pachikwangwani. Akadutsa, mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya makolo ndiwo agamule kopita katunduyo, ndipo chikwama chimene mwini wake sakudziwika chikaperekedwe ku polisi. Membala wa gulu asapezeke atavala juzi yotsala, ngakhale patapita chaka. Mahang'ala obwereka abwerere kwawo sabata yomweyo, mitengo isungidwe pouma yomangidwa pamodzi, ndipo m'kope mlembi alembe chiwerengero cha anthu amene anabwera, zinthu zimene munalandira ndi mmene kunja kunachera, kuti komiti ya chaka chamawa idzadziwe matikiti oyenera kudula.